Cyclone ya chigayo cha ku Dzivarasekwa: zolemba za ntchito yosintha cone

Kumapeto kwa Epulo

Chimanga chatsopano chayamba kufika pachigayo cha malume ku Dzivarasekwa, ku Harare, ndipo vuto lomwe linkaoneka laling'ono m'dzinja tsopano lakula. Ufa ukuthawira kumwamba. Paipi yotulutsa mpweya pamutu pa cyclone ikufuka tsiku lonse, mitanda ya denga yayera, ndipo mnyamata woyendetsa chigayo amaweruka nsidze zili mbuu, akutsokomola. Amayi obwera ndi zidebe amaona okha kuti chakudya chawo china chikutsalira kudenga. Chimenechi chimandipweteka, chifukwa ambiri mwa anthu athu kuno chimanga n'chogula, kapena chochokera ku timinda ta m'mbali mwa msewu, ndipo chibaba chilichonse cha ufa anachivutikira.

Kwa amene sanayang'anitsitsepo, cyclone ndi chitini chija choimirira pambali pa chigayo, chozungulira kumtunda, chosongoka kumunsi. Nyundo zikaphwanya chimanga, ufa umadutsa pa sefa, fani n'kuuuzira mupaipi pamodzi ndi mpweya wambiri. Ntchito ya chitinicho n'kulekanitsa ziwirizi. Mulibe chitsulo choyenda m'menemo, mulibe nsalu. Mpweya umalowera cham'mbali motsatira khoma, umazungulira uku ukutsika, ndipo ufa poti ngolemera umaponyedwa kukhoma n'kumatsetserekera pansi. Mpweyawo ukafika penapake kumunsi umatembenuka, n'kukwera pakati penipeni, ukuzungulirabe mbali yomweyo, mpaka kutulukira pamwamba. Ndiye kuti muli akamvuluvulu awiri, wakunja wotsika ndi wam'kati wokwera.

Ndayeza yomwe ilipo. M'mimba mwake ndi mamilimita 400. Gawo lozungulira ndi lotalika 600. Khomo lolowera mpweya ndi 200 msinkhu, 80 mulifupi. Paipi yapamwamba ndi 200 m'mimba ndipo inalowa m'kati 200. Kukamwa kwapansi ndi 150. Miyeso yonseyi ikugwirizana ndendende ndi ya katswiri C. J. Stairmand ya mu 1951, yomwe amisiri akhala akukoperana dziko lonse lapansi. Chosiyana n'chimodzi: Stairmand anati cone, gawo losongoka lija, italike kawiri ndi theka kuposa m'mimba mwa chitini, ndiye kuti mamilimita 1000 pa chathu. Yathu ndi 400 basi.

Nditawauza malume anagwedeza mutu. "Mphwanga, chosongokacho si fanulo chabe? Bola ufa ugwere m'thumba." Anthu ambiri amaganiza choncho, amisiri omwe. Ine ndikuti cone ndiyo imalamula malo omwe mpweya utembenukire, ndipo ntchito yonse yomwe ndikuyambayi yaima pamenepo.

Kumayambiriro kwa Meyi

Mlungu uno sindinagwire chitsulo, ndimangowerengera ndi kuyang'ana.

Mwana akamazunguza mwala womangirira pachingwe, n'kumachikoka chingwecho kuti chifupike, mwalawo umathamanga kwambiri. Mpweya umachitanso chimodzimodzi ukamapanikizidwa kuti uzungulire pafupi ndi pakati. Koma ukamatsika umakhudzana ndi khoma, komanso umakoka ufa, ndipo ziwirizi zimaudya liwiro. Chitini chikanakhala choongoka mpaka pansi, kamvuluvulu bwenzi akufooka pang'onopang'ono. Cone imabwezera liwiro lotayikalo, pochepetsa malo ozungulira pamene mpweya wayamba kutopa.

Mphamvu yake si yamasewera. Mpweya wolowa pa mamita 15 pa sekondi, wozungulira mamilimita 200 kuchoka pakati, umakankhira kambewu ka ufa kukhoma ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kokwana pafupifupi 115. Kumunsi kwa cone, komwe malo achepa, mphamvuyo imakwera kuposa apo. N'chifukwa chake ufa wosalala kwambiri, womwe unalephera kufika kukhoma kumtunda, umapeza mwayi wachiwiri mu cone. Ukadula cone, mwayi umenewo waudulanso.

Koma chachikulu ndi mchira wa kamvuluvulu. Mu 1949 katswiri wina dzina lake Alexander anaonetsa kuti kamvuluvulu wa mu cyclone ali ndi utali wake womwe amafuna kutsika asanatembenuke, kuyambira pamlomo wa paipi yapamwamba. Anaulemba motere: L = 2.3 × De × ∛(D² ÷ ab). Apa De ndi m'mimba mwa paipi yapamwamba, D ndi m'mimba mwa chitini, ndipo ab ndi msinkhu wa khomo kuchulukitsa ndi mulifupi mwake. Pa miyeso yathu yankho likubwera pafupifupi mamilimita 990. Malo omwe alipo kuchoka pamlomo wa paipi mpaka kukamwa kwapansi ndi 800. Mchira ulibe kokwana. Ukutulukira pansi n'kulowa m'thumba.

Sindinafune kungodalira pepala, ndiye tinachotsa thumba n'kuyatsa chigayo chopanda kanthu. Ndinamangirira ulusi kunsonga ya waya n'kuuyendetsa pansi pa kukamwa kuja. M'mphepete ulusi umauluzidwira pansi ndi cham'mbali. Pakati unaimirira njo kuloza kumwamba, ndipo kapepala komwe ndinasendeza pamenepo kanamezedwa n'kukatulukira kudenga. Dzenje limodzi lomwelo, m'mphepete likupuma, pakati likuyamwa. Malume anaika dzanja lawo kawiri asanakhulupirire.

Titabwezera thumba n'kugaya, ndinasuzumira m'kati chigayo chitangoima. Pamwamba pa ufa panali pokumbika pakati, m'mbali mutaunjikana. Mchira uja umatapa ufa womwe wagwa kale n'kuukweza. Mnyamata wathu akuti anazindikira kalekale kuti kudenga kumafuka kwambiri thumba likatsala pang'ono kudzaza, ndipo n'zomveka: ufa ukamakwera ukuyandikira mchira.

Pakati pa Meyi

Ndinayala miyeso itatu yodziwika bwino kuti ndione kupendekeka kwa khoma la cone, kuyeza kuchoka pa mzere woongoka. Ya Stairmand, khoma limapendekeka madigiri 7. Ya Lapple, yomwe gawo lozungulira ndi cone zonse n'zotalika kawiri kuposa m'mimba, ndi madigiri pafupifupi 11. Yachitatu ndi yotchedwa 1D3D, yomwe anaikonza ku yunivesite ya Texas A&M mu 1979 kuti izigwira fumbi m'mafakitale ochotsa njere za thonje: gawo lozungulira n'lalifupi, cone n'kutalika katatu, ndipo ukawerengera umapezanso madigiri 7. Anthu osiyana, zaka zosiyana, fumbi losiyana, onse anathera pakati pa 7 ndi 11. Yathu ili pa 17.

Kupendekekaku kukukhudzanso mayendedwe a ufa pakhoma. Mphamvu yokankhira kukhoma ija imaloza cham'mbali. Pa khoma lopendekeka, gawo lina la mphamvuyo limakankhira ufa kumtunda, kubwerera komwe kuli kotakasuka. Khoma likagona kwambiri, misere ndi timchenga tolemera timangozungulira pamalo amodzi, osatsika, osakwera, n'kumadya chitsulo. Mu cone yakale muli lamba wonyezimira wozungulira, pomwe chitsulo chapyapyala moti chala chikumva. Zaka zina ziwiri chikanabooka.

Ndaganiza zopanga ma cone awiri oti tiziwamanga ndi mabawuti pa mkombero umodzi, kuti gawo lakumtunda likhale lomwelo ndipo chosintha chikhale cone yokha. Yoyamba ndi ya Stairmand: 1000 kutalika, kukamwa 150. Yachiwiri ndi 800 kutalika, kukamwa 100, kupendekeka kwa Lapple.

Chitsulo ndagula ku Magaba, ku Mbare, chakuda cha mamilimita 1.6. Cha galata ndachikana. Zinki ikapsa powotcherera imatulutsa utsi wodwalitsa, ndipo mchenga wa m'chimanga ungamaipalire mu ufa wa anthu.

Kujambula kwake ndikulemba pano kuti wina asavutike. Cone ukaitambasula imakhala chidutswa cha mkombero waukulu. Pa yaitaliyo, khoma koma msomali pansi, manga waya, jambula uta wa mamilimita 1612 kuchoka pamsomali, kenako wina wa 605. Uta waukuluwo uyeze motsatira kupinda kwake mpaka 1257, komwe ndi kuzungulira kwa chitini cha 400, ndipo ngodya yake ikhala madigiri osakwana 45 pang'ono. Chidutswachi chimakwana pa shiti imodzi ya mamita 2.4 ndi 1.2, n'kutsalako cha mkombero ndi paipi. Ndinayamba ndadula pa katoni n'kupinda ndi manja kuti ndione ngati milomo ikukumana.

Mlamu wanga, yemwe ali ndi makina opindira ku Siyaso, anafuna kuwotcherera msoko mopsatira, mlomo wina pamwamba pa unzake, monga amachitira ndi mbaula ndi zidebe. Ndinamupempha kuti milomo ingogundana, awotcherere kunja, m'kati tipale mpaka posalala. "Alamu, ndani adzasuzumiremo?" anatero. Wosuzumira ndi ufa. Umayenda mokhudza khoma, ndipo ukagunda kamzere kotukuka umadumphira m'kati, komwe kamvuluvulu wokwera akuudikira. Izi zimachitika ulendo uliwonse wozungulira, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Chimodzimodzinso ndi chitini chophwanyika penapake kapena chosazungulira bwino. Tinadula mikombero itatu ya thabwa n'kumaiponya m'kati kuti tione ngati cone yabulungika bwino, ndipo pamene panatsala mpata anamenya ndi nyundo ya mphira.

Kumayambiriro kwa Juni

Choyezera pulesha ndapanga ndekha: paipi ya pulasitiki yoonekera, yopindidwa ngati U pa thabwa, madzi othiramo tiyi kuti aoneke, ndi rula pakati. Mbali ina yalumikizidwa pa kabowo ka pakhomo lolowera, ina ku paipi yapamwamba. Kusiyana kwa madzi kumaonetsa mphamvu yomwe fani ikutaya pokankha mpweya mu cyclone. Ndi kapaipi ka mkuwa koloza komwe mpweya ukuchokera, chipangizo chomwechi chimayezanso liwiro: mamita 15 pa sekondi amakweza madzi pafupifupi mamilimita 11 ndi theka kuno.

Ndanena kuti kuno chifukwa Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchoka pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wathu ngopepuka. Mpweya wa mita imodzi mbali zonse umalemera pafupifupi kilogalamu 1.0, pomwe ku Beira, m'mphepete mwa nyanja, ndi 1.2. Mabuku ambiri amawerengera ndi 1.2. Njira ya Shepherd ndi Lapple ya mu 1939 imati pa miyeso yathu cyclone idye pulesha yokwana 6.4 kuchulukitsa ndi pulesha ya liwiro lolowera ija. Ku Beira ndiye mamilimita 88 a madzi, ku Dzivarasekwa 73. Amene angaone madzi ali pa 73 n'kuganiza kuti fani yafooka, n'kusintha mapule kuti ithamange, angotentha mota pachabe.

Chomwe chandikhalitsa pansi n'chakuti njira ya Shepherd ndi Lapple imangofunsa za khomo ndi paipi yapamwamba. Cone mulibemo ngakhale pang'ono. Ndikuona kuti chimenechi chathandiza kufalitsa maganizo a fanulo aja, chifukwa mmisiri wowerengera pulesha yokha amapeza yankho lomwelo kaya cone ndi yaitali kaya ndi yaifupi. Ndipo pa thabwa langa madzi sanasiyane kwambiri pakati pa ma cone atatuwa. Yaitali inatsitsako pang'ono, monga ndinkayembekezera, poti khoma lachuluka ndipo likuchepetsa kuzungulira. Pulesha imauza za fani. Za ufa wothawa siinena kanthu.

Chinanso chomwe aliyense pachigayo anabwera kudzaona: chimanga chikangoyamba kulowa, madzi amatsika m'malo mokwera. Ufa umakwekwereza pakhoma n'kufooketsa kamvuluvulu, ndipo pulesha yambiri ya cyclone imathera pa kuzungulirako. Choncho kuyeza cyclone yopanda kanthu sikukwanira.

Ufa wothawa sindikuuyeza pochotsera kulemera kwa ufa pa kulemera kwa chimanga, chifukwa chigayo chimatenthetsa ndipo chinyontho china chimauluka. Ndamanga thumba lalitali la nsalu yothinana pa paipi yapamwamba, ndipo tikagaya thumba limodzi la makilogalamu 50 timakutumulira m'beseni. Chimanga n'cha mulu umodzi, sefa ndi imodzi. Poti denga silikulola, mayesowa tachitira panja, cyclone itapachikidwa pa mitengo ya bulugamu.

Ndi cone yakale beseni linatsala pang'ono kudzaza, ndipo ufa wake ukautikita pazala umamveka timisere. Umenewo ndi ufa woti sukanayenera kuthawa, unagwa kale n'kukwezedwanso. Ndi cone ya 1000 zomwe zinatuluka sizinaphimbe n'komwe pansi pa beseni, ndipo zinali zosalala kwambiri. Malume anatikita ufa wa mbali zonse ziwiri, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti denga tikweza liti.

Pakati pa Juni

Cone ya 800 yandiphunzitsa zambiri kuposa inzake. Pa chimanga chouma gwa, inagwira ufa mofanana ndi yaitali, mwinanso kuposerako. Izi zikugwirizana ndi zomwe akatswiri Xiang, Park ndi Lee anapeza mu 2001 pa tima cyclone ting'onoting'ono, kuti kuchepetsa kukamwa kwa cone kumawonjezera fumbi logwidwa. Ulusi wanga unaonetsanso kuti mpweya wa kunsonga kwake ukuzungulira mwaukali.

Kenako kunabwera mayi wina ndi mphale yonyika, yosaumitsitsa, yofuna ufa woyera. Ufa unayamba kumata kukhoma pafupi ndi kukamwa, dzenje la 100 linachepa, ndipo mosakhalitsa linatsekeka. Cone inadzaza kuchokera pansi, mchira unagunda ufawo, ndipo kumwamba kunafuka kuposa kale lonse. Tinaimitsa, tinatokosa, tinawapepesa mayiwo n'kuwabwezera kuchokera ku nsalu yapamwamba. Mgaiwa nawonso umamata ndithu chifukwa cha mafuta a m'mtima wa chimanga. Kafukufuku uja anali wa fumbi lochepa louma. Chigayo chimathira chakudya chochuluka, nthawi zina chachinyontho, ndipo chimafuna khoma loimirira ndi kukamwa kotakasuka. Ya 800 ndaipachika kukhoma. Ingathandize wa matabwa ku Glen View, komwe utuchi wosalala wouma ndiwo umavuta.

Sindikunena kuti kutalika kulikonse n'kwabwino. Cone ikapitirira kwambiri utali wa Alexander uja, mchira sufika pansi, umapinda n'kumata kukhoma cham'katikati, n'kumazungulira pamenepo. M'munsi mwake mpweya umangoti zii, ufa suthamangitsidwanso, ndipo pomwe mchira wamata pamadyeka. Pa ya 1000 mchira ukuyenera kuthera pafupifupi mamilimita 600 kuchoka pomwe cone yayambira, n'kutsala 400 oti ufa utsikire. Pamenepo mpoyenera. Wina akabwera kuti timupangire ya mamita awiri poganiza kuti ikhala yoposa, ndidzamuletsa.

Kumapeto kwa Juni

Ngakhale ndi cone yaitali, ulusi ukuonetsabe kuyamwa pang'ono pakati pa kukamwa. Ndawonjezera paipi yoongoka ya 150 m'mimba, 400 kutalika, pansi pa cone, kuti kuzungulira kotsalako kuferemo ufa usanafike m'thumba. Kukumbika kuja kwatha, ufa tsopano ukuunjikana nsonga ili m'mwamba.

Chinthu china chaching'ono chomwe chikuposa kukula kwake ndi kamangidwe ka thumba. Mnyamata wathu anazolowera kungokoleka thumba momasuka kuti asinthe msanga. Mpata ukatsala, mpweya wakunja umayamwidwira pakati n'kukwera, ndipo umadutsana ndi ufa womwe ukutsika. Tinayesa dala: nditamasula chingwe pang'ono, nsalu yapamwamba inayamba kulemera nthawi yomweyo. Cone yabwino ingaonongedwe ndi chala chimodzi cha mpata. Ndamupangira lamba wa mphira ya chubu wokhala ndi ngowe, womanga ndi dzanja limodzi, komanso kachitseko kotsetsereka pa paipi koti azitseka posintha thumba. Asachedwe nako kotseka, chifukwa ufa ukaunjikana mpaka mu cone tabwerera ku vuto lija.

Julayi

Tsopano ndamvetsa chifukwa chomwe cone yakale inafupikira. Thumba limafuna mamilimita 900 kuchoka pansi, paipi yowonjezera 400, cyclone 1600, chigongono chapamwamba 400. Zonse pamodzi ndi mamita 3.3, pomwe denga la chigayo lili pa 2.7. Zigayo zambiri za m'makomboni muno zili m'tinyumba totere, ndipo mmisiri akafika ndi tepi amadula chomwe akuona kuti n'chosafunika. Malume anaganiza zokumba dzenje loti thumba lizikhalamo, koma kunyamula makilogalamu 50 kuchokera m'dzenje tsiku lonse n'kupha msana wa mwana, ndiponso madzi a mvula angadzazemo. Tachotsa malata awiri n'kumanga kadenga kokwera pamwamba pa cyclone pokha.

Paipi yochokera ku fani yatalika ndi mita imodzi. Ndapinda zigongono zake motakasuka, ndipo gawo lomaliza lisanalowe m'chitini ndalisiya loongoka kuti ufa usalowe utaunjikana mbali imodzi. Liwiro pakhomo latsika pang'ono koma likadali pafupi ndi 15.

Mitanda ya denga tasesa ndipo mpaka pano ikadali yakuda. Komabe kafumbi kosalala kwambiri kakutulukabe. Tinthu tochepera ma micron 5, pomwe micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, cyclone ya msinkhu uwu siingatigwire tonse, cone ikhale yotani. Tomweto ndi tomwe timalowa m'mapapo. Choncho nsalu yapamwamba ija ikhala pomwepo mpaka kalekale, izikutumulidwa madzulo aliwonse, ndipo mnyamata azivalabe chophimba kumphuno. Ndawapemphanso malume kuti mbaula yomwe amaothera m'mawa wa chisanu chino ituluke panja, chifukwa fumbi la ufa likachuluka mumpweya limayaka mophulika.

Zotsala ndi izi. Sitinayese mapira ndi mawere, zomwe zimabwera kwambiri kuchokera kwa anzathu opita kumudzi, ndipo ufa wake umasiyana ndi wa chimanga. Ndikufuna kuboola kawindo kakang'ono ka pulasitiki yolimba cham'katikati mwa cone, kofanana bwino ndi khoma m'kati, kuti ndione ndi maso pomwe mchira ukuthera pamene chigayo chikugaya. Ndipo kumapeto kwa Ogasiti tidzamasula mabawuti n'kuyang'ana ngati lamba wonyezimira wayamba, ndi pamsinkhu uti. Katoni yojambulira cone ya 1000 ndaisiya kwa alamu ku Siyaso, poti eni zigayo awiri a ku Mufakose afunsa kale miyeso yake.